KOMPYUTA YA KU JONI NDI ZIGAMBA ZAKE

Ulendo uno tikambirane za katundu wina amene walowa m'nyumba zambiri mwakachetechete, osati kudzera m'sitolo ayi, koma m'chikwama cha mwana kapena mlamu wochokera ku Joni. Tikunena kompyuta yonyamula m'manja ija ambiri amaitchula kuti laputopu.

Aliyense wodziwa boma la Mzimba akudziwa kuti ulendo wa ku South Africa sunayambe lero. Agogo ankapita ku migodi m'masiku a Wenela, nabwerako ndi njinga, wailesi ndi masutikesi achitsulo. Zidzukulu zawo zikupitabe, ndipo mukaima pa Jenda kapena pa Mzimba Boma mwezi wa Disembala mudzaona galimoto zokoka ngolo zodzaza ndi mafiriji, matiresi ndi mipando, ndipo pakati pa zovala pamakhala laputopu yokulungidwa bwino m'bulangete. Zambiri mwa izo ndi zakale, zogulidwa kwa ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito mu Johannesburg, kapena zopatsidwa ndi bwana amene wagula yatsopano. Palibe choipa pamenepo. Mphatso yotere imathandiza ana pa maphunziro, ndipo ife sitingainyoze. Koma pali chinthu chimodzi chimene wotumiza ndi wolandira omwe safunsa, ndipo ndicho chatichititsa kulemba nkhaniyi.

Miyezi ingapo yapitayo tinaitanidwa pa banja lina limene limakhala chapafupi ndi msewu wopita ku Embangweni. Bambo wa pakhomopo ali ku Joni zaka zambiri tsopano. Mayi ndi mlembi wa gulu la banki nkhonde, ndipo mwana wawo wamkazi akuchita maphunziro a uphunzitsi. Tinawapeza ali ndi nkhawa yaikulu. Mtsikanayo anapita ndi fulashi yake pa malo ena osindikizira mapepala, ndipo atabwerako n'kuilowetsa mu laputopu, ntchito yake yonse ya teremu inasowa. M'malo mwa mafayilo munangotsala tizithunzi tokhala ndi kamuvi, tosatsegula kanthu. Mwamwayi kachilombo kameneko kanali ka mtundu wakale, kongobisa mafayilo osawaononga, ndipo tinawapeza onse. Koma pofufuza tinaona zimene zinatidetsa nkhawa koposa kachilomboko. Laputopuyo inali ya Windows 7, ndipo chibwerere ku Joni inali isanalandirepo chigamba chilichonse. M'katimo munali zithunzi za chiphaso chaunzika cha mayi, za pasipoti ya bambo, kaundula wa ngongole za amayi onse a m'gulu lija pamodzi ndi manambala awo a foni, ndiponso WhatsApp ya mtsikanayo yotsegula usana ndi usiku.

Titawafotokozera, mayi aja anaseka. "Achimwene, akuba a pa intanetiwo angafune chiyani kwa ife kuno ku Mzimba? Si amaba m'mabanki a azungu amenewo?"

Funso limeneli ndi labwino, ndipo tikhulupirira kuti ambiri mwa inu mukanafunsa chimodzimodzi. Kuti tiliyankhe tiyenera kuyamba tafotokoza chimene tikutchula kuti chigamba.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse: kuyatsa, kusunga mafayilo, kulankhula ndi makina osindikizira, kulumikiza ku intaneti. Pa makompyuta ambiri kuno kwathu pulogalamu imeneyi ndi Windows, ya kampani ya Microsoft ya ku America. Inalembedwa ndi anthu, mizere mamiliyoni ambirimbiri, ndipo ntchito ya manja a anthu siisowa polakwika. Zolakwika zina sizivuta kanthu. Koma zina zili ngati mpata wa pansi pa nkhokwe: mwini wake sauona, khoswe ndiye amaudziwa. Munthu wodziwa mpata wotere amatha kutumiza uthenga wokonzedwa mwaukatswiri ku kompyuta yanu, ndipo Windows, posokonezeka, imachita zimene iye walamula ngati kuti mwalamula ndinu. Mipata imeneyi ikadziwika, a Microsoft amalemba kapulogalamu kotsekera, kamene ife tikuti chigamba, nakatumiza kwaulere kudzera pa malo otchedwa Windows Update. Kuyambira mu 2003 iwo akhala akutulutsa zigamba zimenezi Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse.

Tsono apa mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Chigamba chikatuluka, akuba nawonso amachitenga n'kuchisanthula kuti aone mpata umene chikutseka. Akauona, amapanga chida cholowera pa makompyuta onse amene eni ake sanaike chigambacho. Ndiye kuti kompyuta yosalandira zigamba siikhala monga momwe inaliri dzulo ayi. Mwezi uliwonse ukadutsa, anthu odziwa polowera pake amachulukirachulukira.

Chitsanzo chodziwika pa dziko lonse ndi cha chaka cha 2017. Pa 14 Malichi chaka chimenecho a Microsoft anatulutsa chigamba chotseka mpata wina umene unali pa mbali ya Windows yogawirana mafayilo pakati pa makompyuta. Mu Epulo gulu lina lodzitcha Shadow Brokers linamwaza poyera chida cholowera pa mpata womwewo, chotchedwa EternalBlue, chimene chinabedwa ku bungwe la ukazitape la America la NSA. Pa 12 Meyi kachilombo kotchedwa WannaCry kanayamba kufala. Kakalowa mu kompyuta kankamanga mafayilo onse kuti asatsegulike, n'kulemba uthenga woti mwini wake alipire madola 300 mu ndalama ya Bitcoin ngati akufuna katundu wake. Kenaka kankafunafuna kokha kompyuta ina yosatseka n'kudumphirako, popanda munthu kudina kalikonse. M'masiku ochepa makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150 anagwidwa. Ku England zipatala za boma zinabweza odwala, ndipo anthu pafupifupi 19,000 amene anapatsidwa tsiku lokaonana ndi dokotala anauzidwa kuti adikire. Mliriwo unazilala pamene mnyamata wina wa ku Britain, Marcus Hutchins, anatulukira njira youimitsira. Koma taonani masikuwo: chigamba chinalipo kwa pafupifupi miyezi iwiri. Onse amene anachiika anapulumuka. Ndipo makompyuta ambiri amene anagwidwa anali a Windows 7, mtundu womwe uja tinaupeza pa banja la pa msewu wa ku Embangweni.

Apa ndi pamene pali yankho la funso la mayi aja. WannaCry sinasankhe kuti uyu ndi wolemera, uyu ndi wosauka. Akuba a masiku ano sakhala pansi n'kumaganiza za munthu mmodzi. Amatchera ukonde, makina awo n'kumagogoda pa zitseko mamiliyoni tsiku lililonse, ndipo chitseko chimene chatseguka amalowa, kaya chili ku London, kaya ku Manyamula. Akalowa sasowa chotenga. Chithunzi cha chiphaso chimathandiza munthu kudzionetsa ngati ndinu. Mawu achinsinsi a Facebook kapena a imelo amagulitsidwa. Ndipo kwa mabanja a ku Mzimba pali choopsa china chapadera: munthu akalanda akaunti ya mwana wanu n'kuwerenga m'mene mumalemberana, akhoza kulembera bambo ali ku Joni, m'Chitumbuka chomwe cha pakhomo, kuti mayi agonekedwa m'chipatala, tumizani ndalama msanga pa nambala iyi. Bambo wotopa ndi ntchito, ali kutali, mtima uli m'mwamba, adzayamba wathamangira kotumizira ndalama asanaimbe foni.

Tisaganize kuti zimenezi zimachitikira maiko akutali okha. Abale athu okhala mu Johannesburg akukumbukira Julayi wa 2019, pamene kachilombo komanga mafayilo kanagwira makompyuta a City Power, kampani ya magetsi ya mzindawo, ndipo anthu ambiri analephera kugula mayunitsi. Kuno kwathu, kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale chaka chimenecho Dr Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowa m'makina a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko n'kumafuna dipo, ndipo anati boma silidzalipira. Ndani anamva kuwawa kwa nkhani imeneyo kuposa achinyamata a ku Mzimba amene anali atagulitsa kale ng'ombe kapena chimanga kuti apeze ya ulendo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tichite chiyani? Choyamba ndi kudziwa mtundu wa Windows umene uli pa kompyuta yanu. Dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi chilembo cha R, lembani mawu oti winver m'kabokosi kamene katuluke, ndipo kompyuta idzakuuzani yokha. Izi n'zofunika chifukwa a Microsoft sasoka zigamba mpaka kalekale. Windows XP anaisiya pa 8 Epulo 2014. Windows 7 anaisiya pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023. Ngakhale Windows 10, imene ambiri amaiyesa yatsopano, nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025. Kwa anthu a m'nyumba anangoika ndondomeko yapadera yotchedwa ESU, yofuna kulembetsa, yopereka zigamba kufikira pa 13 Okutobala 2026. Kompyuta ya mitundu yosiyidwayi imayaka bwinobwino, imaimba nyimbo, imaonetsa mafilimu, ndipo ndi chifukwa chake eni ake saona vuto. Koma mpata uliwonse watsopano umene wapezeka umakhala chitsegukire.

Ngati yanu ndi Windows 11, ntchito yanu ndi yopepuka: lolani zigamba zilowe. Tikudziwa chimene chimaletsa ambiri. Ndi bandulo. Munthu wagula ya sabata yonse, walumikiza laputopu ku foni, ndipo pasanathe ola uthenga wabwera woti yatha, chifukwa Windows imakoka zigamba kuseri. Zimapweteka, ndipo ifenso zinatichitikirapo. Ambiri akapsa mtima amapita kwa mnyamata wokonza makompyuta kuti awatsekere Windows Update mpaka muyaya, iye n'kuwachitira mosangalala, ndipo onse awiri amaganiza kuti achita zanzeru. Ife tikuti kumeneko ndi kugwetsa mpanda chifukwa chotopa ndi kutsegula chipata. Njira yabwino ilipo. Pa malo osinthira za intaneti pali mawu oti metered connection. Mukawayatsa, Windows imadziwa kuti intaneti yanu ndi yogula moyeza ndipo imaleka kukoka zinthu zambiri yokha. Koma mukatero mwasenza udindo. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, makamaka pakati pa mwezi Lachiwiri lija litadutsa, gulani bandulo ya ntchito imeneyi yokha, kapena ya usiku imene kawirikawiri imatsikirapo mtengo, tsegulani Windows Update ndi kudina kuti ifufuze. Muike pa bajeti ya pakhomo monga momwe mumaikira sopo ndi mchere. Ndipo popeza magetsi athu mukuwadziwa, musayambe ntchitoyi batire lili lochepa. Kompyuta ikazima pakati pa kuika chigamba nthawi zina imakana kuyakanso.

Nanga amene ali ndi Windows yakale? Windows 11 siilowa pa kompyuta iliyonse. Imafuna makina atsopanoko, okhala ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo malaputopu ambiri obwera m'mabulangete aja alibe. Apa anthu ambiri amagwa m'dzenje lina. Amapita kwa wokonza amene amawaikira Windows yokopera, yosadziwika kumene inachokera, pamodzi ndi kapulogalamu konamiza kompyuta kuti chilolezo chinalipiridwa. Kuti kapulogalamu kameneka kalowe, wokonzayo amayamba wazimitsa mlonda wa kompyuta, ndipo kawirikawiri samuyatsanso. Sitikunena kuti anyamata okonzawa ndi akuba ayi; ambiri ndi ana abwino ofuna kupeza ya ndiwo, ndipo iwonso sadziwa zimene zabisika m'zinthu zimene anakopera pa intaneti. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mapulogalamu aulere okopera mozemba ndi njira yakalekale imene akuba amalowetsera katundu wawo, ndipo munthu amatsegula yekha chitseko n'kuwalandira ndi manja awiri.

Njira ina imene ife timaikonda, ngakhale siitchuka kuno, ndi kuchotseratu Windows n'kuika pulogalamu ina yaulere ya mtundu wa Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint. Imeneyi ndi yaulere mwalamulo, osati mozemba, imalandira zigamba zake, ndipo imayenda bwino pa makina akale. Mwina mudzakondwa kumva kuti Ubuntu inayambitsidwa mu 2004 ndi munthu wa ku South Africa komweko, Mark Shuttleworth, ndipo dzina lakelo ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi umunthu wathu uja. Angoni a kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa sangalione lachilendo. Tisakunamizeni, masiku oyamba imasokoneza. Zinthu sizikhala pamene munazolowera, ndipo mapulogalamu ena a Windows sayendamo. Koma wofuna kulemba makalata, kuwerengetsa ndalama, kufufuza za sukulu ndi kuonera zithunzi adzapeza zonse zimene akufuna. Amene sangathe zonsezi, ndipo akufunabe Windows 7 yawo, achite chinthu chimodzi: asailumikizenso ku intaneti, ndipo achotsemo ziphaso ndi zonse zachinsinsi. Ikhale ya mafilimu a ana basi.

Za mlonda tanena uja tisachulutse mawu. Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi mlonda wake, Microsoft Defender, pamodzi ndi khoma lotchinga alendo ochokera pa intaneti. Pa nyumba zimenezi n'zokwanira, bola zikhale zoyaka. Simufunika kuika alonda atatu. Amangolimbana okhaokha, kompyuta n'kumayenda ngati kamba. Ndipo mukaona uthenga wofiira wotulukira pa intaneti woti kompyuta yanu ili ndi tizilombo 40, dinani apa, dziwani kuti uthengawo ndiye kachilomboko.

Pali chinthu china chaching'ono chimene mabanja ambiri sachita. M'nyumba zambiri aliyense, kuyambira bambo mpaka mwana wa Sitandade 3, amalowa pa khomo limodzi, la mwini kompyuta, lokhala ndi mphamvu zonse zoika ndi kuchotsa mapulogalamu. Kachilombo kakalowa pamene mwana akusewera, kamatenga mphamvu zomwezo. Windows imalola kupanga makomo angapo. Pangani limodzi la woyang'anira, lokhala ndi mawu achinsinsi odziwa akuluakulu okha, ndipo ena onse, ngakhale inu nomwe pa ntchito za tsiku ndi tsiku, muzilowera pa khomo wamba. Mukatero, chinthu chikafuna kudziika chokha kompyuta imayamba yafunsa mawu achinsinsi aja, ndipo mumakhala ndi mpata wodzifunsa kuti kodi chimenechi ndachiitana ndine? Mawu achinsinsiwo asakhale chaka chobadwa kapena dzina la mwana. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, a Chitumbuka kapena Chichewa, olumikizidwa pamodzi, ndi ovuta kuwalota koma osavuta kuwakumbukira.

Fulashi nayo ndi nkhani. Pa Mzimba Boma, monga m'matauni ena onse, fulashi imodzi imayenda kuchokera kojambulitsa nyimbo, kupita kosindikiza mapepala, kukafika ku ofesi ya sukulu, n'kubwerera kunyumba, ndipo kulikonse imatola kanthu. Khalani ndi mafulashi awiri. Ina ikhale yoyendayenda, yonyamula chikalata chokhacho chimene mukukasindikiza, ndipo ikabwera muiyeze ndi Defender musanatsegule kalikonse. Inayo isatuluke m'nyumba. Imeneyo ndiyo nkhokwe yanu: kamodzi pa mwezi, tsiku lomwe lija la zigamba, koperanimo zithunzi za ukwati, ntchito za sukulu ndi kaundula wa gulu, kenaka muizule n'kuisunga m'sutikesi. Tikuti muizule chifukwa kachilombo komanga mafayilo kamamanganso chilichonse chimene chalumikizidwa pa nthawiyo. Munthu amene ali ndi nkhokwe yotere, ngakhale akuba atamanga kompyuta yonse, amangoifufuta n'kuyambanso, osalipira ngakhale tambala. Kulipira dipo ife sitilimbikitsa. Palibe chokakamiza wakuba kusunga lonjezo lake, ndipo ambiri amene analipira pa nthawi ya WannaCry sanabwezeredwe mafayilo awo.

Zikakuchitikirani, musachite manyazi. Chotsani kompyuta pa intaneti nthawi yomweyo, sinthani mawu achinsinsi pogwiritsa ntchito foni kapena makina ena, ndipo imbirani abale onse, makamaka a kunja, kuwachenjeza kuti asatumize ndalama chifukwa cha uthenga wolembedwa okha asanamve mawu anu. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limati kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo linakhazikitsa gulu loona za ngozi zotere, Malawi CERT, pansi pa bungwe la MACRA. Kukanena ku polisi si kutaya nthawi, ngakhale wakubayo atakhala kutsidya kwa nyanja, chifukwa nambala yolandirira ndalama nthawi zambiri imakhala ya konkuno.

Kwa inu amene muli ku Joni ndipo magazini ino imakupezani kumeneko, pempho lathu ndi ili: musanagule laputopu yotumiza kumudzi, funsani wogulitsa ngati ingalandire Windows 11, ndipo aiyatse muone ndi maso anu. Kumeneko intaneti ndi yosavuta kupeza kusiyana ndi ku Euthini kapena ku Khosolo, choncho ikani zigamba zonse isananyamuke. Ngati ndi yopatsidwa ndi bwana, ifufutidwe yonse n'kuikidwa mwatsopano, kuti zinsinsi za eni ake akale zisabwere kuno, ndi tizilombo tawo tomwe.

Banja lija tinabwererako patapita milungu itatu. Laputopu yawo inali yakale kwambiri moti Windows 11 sikanalowa, ndipo atakambirana ndi bambo pa foni anagwirizana zoika Linux Mint. Mtsikana uja anadandaula sabata yoyamba kuti sakupeza posinthira kukula kwa zilembo, koma pamene tinafika anali akuphunzitsa mng'ono wake. Mayi anagula fulashi yachiwiri pa Boma, naimanga kansalu kofiira kuti isasokonezeke ndi inzake, ndipo amaisunga m'chitini momwe muli makadi a sikelo a ana. Kaundula wa banki nkhonde anamukoperanso m'kope ndi cholembera, ati kuti amayi anzawo aziona ndi maso pa tsiku logawana.